Thukuta la Amayi M'nyengo Yachisanu

Kabotoloko kanali kofiirira, kotalika ngati chala cham'kati, kachitsekero kake kakuda. Pamene ndinkakwatiwa n'kuti amayi akusungiramo singano, ndipo ana anga anakadziwa ngati kabotolo ka singano basi. Ine ndinakaona tsiku limene kanalowa m'nyumba mwathu, kali ndi kathonje kukamwa, m'kati muli timapiritsi toyera, tating'ono ngati mapira. Ukakagwedeza kankalira pang'ono, kulira kouma.

Nthawi imeneyo ndinali nditangoyamba kuwerenga pasukulu ya mishoni. Tinkakhala kwa Mwambo, m'mphepete mwa dambo, kumene nyanja ikadzaza madzi ake ankalowa mpaka m'minda ya mpunga. Mudzi unali wa kwawo kwa amayi. Abambo anali mkamwini, msodzi wosayankhulayankhula, amene zovala zake zonse zinkanunkha utsi wowambira milamba. Amayi anabereka ana angapo, koma tinakula awiri okha: mkulu wanga, amene anali atatsatira kale mwamuna wake ku Limbe, ndi ine mzime. Anyamata onse anatisiya ali makanda.

Panali ntchito ina imene inali yanga ndekha. Mwezi uliwonse pankafika masiku oti amayi akaphika ndiwo, ankandiitana kuti ndidzathire mchere. Sindinkadziwa chifukwa chake. Ndinkangoona kuti ndi ulemu, ndipo ndinkathira mosamala, iwo akundiuza poti ndilekere. Chaka chimenecho, mvula itayamba, anasiya kundiitana. Mwezi unatha, wina unatha, akuthira okha. Ndinadandaula chamumtima, poganiza kuti mwina ndinkachulutsa. Abambo nawo anaona. Tsiku lina atalawa ndiwo anayang'ana ine, n'kuyang'ana amayi, ndipo amayi anaweramitsa mutu. 

Kuyambira pamenepo abambo anasintha. Akapha makumba onona sankapitanso nawo kukagulitsa ku Kachulu, ankabwera nawo kunyumba. Ankadzuka n'kukawaza okha nkhuni, anzawo akuwaseka. Tsiku lina anabwera ndi nsalu yatsopano yogula kusitolo ya Mmwenye, yabuluu yamaluwa oyera, n'kuiika pamphasa osanena kuti ndi ya chiyani. Amayi anaipinda n'kuiika m'dengu. Kuchitsime azimayi ankatsitsa mawu ndikafika, koma ndinamvabe kuti amayi ali ndi pakati.

Mmodzi yekha ndiye sanatsitse mawu. Anali mayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, amene nyumba yawo inali kuseri kwa nkhokwe yathu. Anali munthu wosekaseka, wolankhula chimene chabwera pakamwa. Atamva nkhaniyi anawomba m'manja n'kunena kuti, "Inu achemwali, pamsinkhu umenewu? Mwaonetsetsa bwinobwino?" Azimayi anaseka, amayinso anaseka. Tsiku limenelo palibe amene anaona choipa m'mawuwo.

Kutentha kunayamba mpunga utacha. Ndimakumbukira bwino chifukwa inali nyengo yachisanu, mwera ukuomba kuchokera kunyanja, milomo yathu anafe itang'ambika. M'mawa tinkapita kumunda titafunda mpaka kumutu, zala zitauma moti kampeni kodulira ngala za mpunga kankapulumuka. Tsiku lina amayi akudula, anangoima. Anavula duku. Khosi lawo lonse linali litanyowa, thukuta likutsika kuseri kwa makutu n'kumalowa m'bulauzi. Anapumira m'mwamba ngati munthu wothamangitsidwa. Kenako analowa m'ngalande, m'madzi amene ife tinkaopa kuwaponda, n'kukhala pansi mpaka madzi anafika m'chiuno. Anakhala momwemo akuyang'ana kumene kunali phiri la Chisi. Atatuluka ankanjenjemera, mano akugundana, ndipo anatola kampeni kawo n'kupitiriza kudula.

Zinayamba kubwera tsiku lililonse, mwina kangapo. Zinkawapeza pamtondo, panjira, ngakhale m'tchalitchi pakati pa nyimbo. M'mawa uliwonse ndinkayanika mphasa yawo ndi nsalu zofunda, zitanyowa ngati zavumbwa. Maso awo anali ofiira chifukwa chosowa tulo. Ankaiwala pamene aika chipande chili m'manja mwawo. Nthawi zina ankandikalipira pa kanthu kachabe, mwaukali umene sindinkaudziwa, kenako ukaliwo unkazima mwadzidzidzi, n'kungokhala atagwira munsi, osasinja, nkhuku zikudya mumtondo. Sankadandaula. Ndikawafunsa chimene chikuwawa ankati, "Palibe."

Ndipo mimba sinkakula. Miyezi inapita, nsalu ankamangabe pomwe paja. Anthu anayamba kunena kuti mimbayo yapita kumsana. Zimenezi zinkanenedwa kwathu: kuti munthu wanjiru amatha kumanga mimba ya mnzake, mwana n'kukabisala kumsana, osakula, osabadwa, mayi n'kumangopsa m'thupi. Amalume, amene anali mwini mbumba, anabwera n'kukhala pakhonde pathu nthawi yaitali akupota fodya. Anafunsa ngati pali amene ananenapo mawu okayikitsa. Wina anali atawauza kale. Mawu aja a kuchitsime anabwereranso, koma tsopano analibe kuseka m'kati mwake. Kunakumbukiridwanso mkangano wakale wa malire a munda wa mpunga, umene amayi ndi mng'ono wawoyo anali atauiwala. Amalume anati kukolola kukatha adzaoloka kupita kuchilumba cha Chisi, kwa munthu wina wodziwa kuona zobisika.

Amene anatchula za chipatala anali akazi a aphunzitsi. Ananditumira mawu kuti ndikauze amayi adzawaone, ndipo anakambirana kukhitchini ine ndili panja. Patapita masiku ochepa amayi anauza abambo kuti akupita ku Zomba. Amalume anafuna kuwaperekeza, iwo anakana. Anati atenga ine, kuti chizungulire chikawagwira panjira pakhale wowagwira dzanja.

Tinakwera lole yonyamula matemba ouma. Tinakhala pamwamba pa madengu, mphepo ikutikwapula, minga ya nsomba ikutibaya m'ntchafu. Aka kanali koyamba kuti ndikwere galimoto, ndipo ndiyenera kuti ndinasangalala, koma chimene ndimakumbukira ndi nkhope ya amayi, fumbi lofiira litamatirira pathukuta, akuyang'ana kumbuyo kumene tinkachokera.

Kuchipatala kunkanunkha mankhwala otsukira pansi. Tinadikira pabenchi mpaka dzuwa linapendeka. Atatiitana, namwino anafuna kuti ine nditsale panja, koma ataona kuchuluka kwa anthu anandilowetsa n'kundikhazika pansi pakona, kamtolo kathu kali pamiyendo. Anakoka katani. Ndinkangoona mapazi: a dokotala wachizungu m'nsapato zofiirira, a namwino m'nsapato zoyera, ndi nsalu ya amayi itagwera pansi. Dokotala ankayankhula pang'onopang'ono, namwino n'kumamasulira. Anafunsa zaka za amayi, ndipo amayi anatchula za dzombe ndi za nkhondo yoyamba ija, poti zaka sankaziwerenga. 

Kenako namwino anati, "Mayi, mulibe mwana muno."

Amayi anafunsa ndi mawu otsika, "Nanga kumsanaku?"

"Kumsana kulibe kanthu. Palibe amene wakumangani. Mwangofika pamsinkhu wosiya kusamba. Zimafika kwa mzimayi aliyense, kungoti ena zimawawawa kuposa anzawo."

Ine pakona paja ndinadabwa. Ndinaona kuti namwinoyo akuwanamizira amayi anga, amene masiku amenewo ankasamba kuposa munthu aliyense m'mudzi, mpaka kukhala m'ngalande kukuzizira. Ndinafuna kuwauza, koma ndinaopa nsapato zija. Tanthauzo lina la mawuwo linali lisanandifike. Ndinali ndisanavinidwe.

Katani atamutsegula, namwino anaika kabotolo kaja m'manja mwa amayi. Anati pali zinazake zimene thupi la mkazi limapanga, ndipo lawo linali kusiya, n'chifukwa chake ankapsa. Timapiritsito tikabwezera pang'ono zimenezo. Azimwa kamodzi m'mawa, ndipo tikatha adzabwerenso. Anawonjezera kuti, "Timapiritsiti tikatha mwina mudzaona magazi, mwinanso ambiri. Musadzachite mantha. Si mwana ayi, ndi mankhwalawa." Amayi anagwada pang'ono n'kuthokoza, monga ankachitira akalandira chilichonse. Anamanga kabotoloko pansonga ya nsalu.

Panja anandigulira chitumbuwa. Iwo sanadye. Tinakhala pansi pa mtengo kudikira lole, ndipo ankangoyang'ana nyerere zimene zinkakoka nyenyeswa zanga. Nkhope yawo inalibe chisoni, inalibenso mpumulo. Inali ngati khomo lotseka. Titatsika kwathu, tikuyenda m'kanjira ka m'mabango, anandiuza osatembenuka kuti, "Akakufunsa, unene kuti anatipatsa mankhwala." Zinali zoona, ndipo ndi zomwe ndinanena.

Abambo anafunsa kamodzi kokha. Amayi anayankha kuti awapatsa mankhwala olimbitsa thupi. Abambo anagwira kabotoloko mwaulemu, ndi manja awiri, n'kukabweza.

Mankhwalawo anagwira ntchito. Pasanapite nthawi mphasa inasiya kunyowa. Amayi anayamba kugona mpaka tambala, n'kumadzuka akudandaula za kuzizira ngati anthu ena onse. Anayambanso kumva njala. Tsiku lina akupeta mpunga ndinawamva akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, ndipo ndinaima kuseri kwa nkhokwe kuti ndisawasokoneze. Anandiluka tsitsi, zimene anali atasiya kalekale. M'mudzi anthu anati mankhwala achizungu akuitulutsa mimba kumsana, ndipo ena ankalumbira kuti aona kuti yayamba kuoneka. Amalume anaimitsa ulendo wa ku Chisi. Mayi aang'ono anayambanso kubwera kudzapala moto, ngakhale sankakhalitsa. Amenewa ndiwo anali masabata abwino a chaka chimenecho. M'mawa uliwonse amayi akameza kampiritsi kawo, ankakweza kabotoloko kukuwala kwa pakhomo n'kuyang'ana totsala, nthawi yaitali kuposa imene munthu amafuna kuti aone.

Timapiritsito titatha sanabwerere ku Zomba. Ndaganizapo kambirimbiri za chifukwa chake. Ulendo unali wovuta, inde. Koma ndikuona kuti kubwerera kukanakhala kuvomera, ndipo mwezi wina uliwonse wopanda mwana ukanawafunsa funso lomwelo pamaso pa mudzi wonse.

Magazi anabwera m'mawa wina akusinja. Anasiya munsi n'kulowa m'nyumba akuyenda pang'onopang'ono, kenako anandituma kukaitana azamba, gogo wina wamfupi wa kumapeto kwa mudzi, amene anandilandira ine pobadwa. Atafika ananditulutsa. Ndinakhala pamwala wonolera makasu. Abambo anali pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde, ndipo ndinkaona chala chawo chikulowetsa chingwe pabowo lomwelo mobwerezabwereza. M'nyumbamo simunkamveka kanthu. Gogoyo anakhalamo nthawi yaitali kwambiri. Atatuluka anasamba m'manja, n'kupita pamene panali abambo, n'kugwada chapatali. Anati, "Pepani bambo, zapita padera." Abambo anagwedeza mutu. Anapinda ukonde uja bwinobwino, n'kupita kunyanja, ngakhale sinali nthawi yopita kunyanja.

Masana azimayi achikulire anasonkhana. Anatuluka m'nyumba mwathu ndi kamtolo kokulungidwa m'nsalu yabuluu ija, gogoyo atakanyamula yekha, osalola wina kukagwira. Anapita nako kuchulu cha m'mphepete mwa manda. Maliro otere amuna sapitako, nyimbo siziimbidwa, ndipo kulira n'koletsedwa. Anabwerako ali chete, n'kusamba mankhwala kuseri kwa nyumba, aliyense n'kupita kwawo. Dzuwa linali likadali pamwamba. Ana anzanga ankasewera phada panjira ngati tsiku lina lililonse.

Gogo ameneyo analandira ana m'manja mwake moyo wake wonse, amoyo ndi akufa omwe. Sizingatheke kuti sanadziwe zimene zinali m'nsalumo. Sindidziwa chimene anakambirana ndi amayi m'nyumba muja, kapena ngati anakambirana n'komwe. Anamwalira osanena kanthu kwa wina aliyense.

Lero ndimamvetsa chimene amayi ankateteza. Kwathu ankati mkazi akafika pamsinkhu umenewo mphasa yake imakhala payokha, chifukwa mwamuna akapitiriza kumuyandikira, mkaziyo amatupa mimba n'kudwala. Ankasanduka gogo, wolemekezeka ndithu, woitanidwa kuzinamwali ndi kumaliro, koma mwamuna wake ankakhala ngati wamasulidwa. Ndipo mkamwini wopanda mwana wamwamuna, wopanda mkazi pamphasa, analibe chomusunga pamudzi wa eni. Mkazi wopita padera, ngakhale wataya, amakhala akadali mkazi. Anthu amadziwa mawu omuuza, amamubweretsera phala, amati Mulungu adzapatsanso.

Amene analipira anali mayi aang'ono. Palibe amene anawamenya. Amalume anangopita n'kukaima pabwalo pawo, n'kunena kuti, "Zimene munkafuna zachitika." Kuyambira pamenepo ana ankaletsedwa kudya kwawo. Akafika kuchitsime, nkhani zinkatha. Mwana wina akatsokomola, anthu ankayang'ana kunyumba kwawo. Kuseka kwawo kunatha. Mvula isanagwe, amuna awo anawatenga kupita kwawo, kutsidya la mtsinje wa Phalombe. Anadutsa pakhomo pathu, mitolo ili panjinga, mwana ali kumsana. Anaima pang'ono n'kuitana, "Achemwali, tikupita." Amayi anali m'nyumba. Anayankha ali momwemo kuti, "Muyende bwino." Mawu amodzi akanakwanira kuwabweza, ndipo amayi anali nawo mawuwo. Sindiwaikira kumbuyo pa zimenezi. Ndimangodziwa kuti tsiku lonselo anakhala atatsamira khoma, manja ali pamaondo, ndipo moto ndinakoleza ndine. Awiriwo anadzaonananso pamaliro a amalume, tsitsi la onse litayera, n'kupatsana moni ngati anthu a mipingo yosiyana.

Abambo anakhalabe nafe kwa kanthawi. Kenako anayamba kukhalitsa kunyanja, m'timisasa ta asodzi ta m'mabango, sabata, mwezi, mpaka tinamva kuti amanga nyumba ku Chisi ndipo ali ndi mkazi kumeneko. Ankatitumizira nsomba. Amayi ankazilandira, n'kuphika, n'kudya.

Zanga zinandifika ndikuphunzitsa ku Blantyre, ndili kutsogolo kwa kalasi, choko chili m'manja, moto n'kubuka pachifuwa kukwera kumaso. Dokotala anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga. Anandifotokozera bwino, anatchula ubwino wa mapiritsi ndi zoopsa zake, n'kundiuza kuti ndisankhe ndekha. Atati, "Amabwezera zimene thupi lanu lasiya kupanga," ndinamva fungo la matemba ouma. Ndinatuluka n'kukakhala pabenchi mpaka anthu onse anatha. N'kuti amayi atatisiya kalekale, ndipo panalibe woti ndimufunse.

Koma chaka chijachi ndinalibe zonsezi m'mutu. Ndinangoganiza kuti mzungu uja analakwitsa, poti mwana amene anati mulibe, azimayi anamupeza n'kukamuika. Ndikadutsa pafupi ndi chulu chija ndinkayenda mofatsa. Ndinkakhulupirira kuti anali mnyamata.

Chilimwe chitafika, nyanja inabwerera kutali, n'kusiya matope ong'ambikang'ambika, oyera pamwamba ngati awazidwa ufa. Kutentha kwa amayi kunali kutabwerera monga kale. Tsiku lina tinapita awiri kukadula bango lomangira mpanda. Pobwerera, mitolo ili pamutu, anaima pakati pa matope oumawo, pamene panalibe mtengo kapena madzi. Anatsitsa mtolo n'kuukhalira. Thukuta linkagwa kuchokera pachibwano n'kumazimirira m'ming'alu. Ndinaima pambali kudikira kuti zidutse, monga ndinali nditazolowera. Atapuma, akuyang'ana patali pamene madzi ankanyezimira, ananena ndi mawu wamba, ngati akunena za mbewu:

"Mwezi uno akanabadwa."

Panalibe munthu wina pamenepo woti amunamize. Panali ine ndekha, amene ndinali nawo m'chipinda cha dokotala muja, ndipo ankadziwa kuti ndinamva zonse. Ndinayang'ana nkhope yawo kuti ndione ngati alira, poti kuno kunali kutali ndi mudzi ndipo palibe akanawaletsa. Sanalire. Anaika dzanja pamimba n'kulisiya pomwepo kanthawi. Ine ndinkangoganiza za ludzu, ndi kutalika kwa njira imene inatsala. Kenako anandiuza kuti ndiwasenzetse, ndipo tinapitiriza ulendo.